Amene Akugona Pabedi Panga

Lolemba, 10 Januwale 2022

Kabuku aka wandipatsa ndi Sisitala Rose, nesi wa ku Philippines amene amayang'anira chipinda chathu. Akuti ndizilemba tsiku ndi tsiku kuti mutu usagone. Ndamufunsa ngati iye aziwerenga, wati Chichewa sachidziwa. Ndizikabisabe pansi pa pilo.

Ndine Mtisunge, zaka 41, kwathu ndi ku Tsangano, Ntcheu. Dokotala amandifunsa zimenezi m'mawa uliwonse ngati ndine mwana wa sitandade wani. Dzanja lamanja lili bwino. Lamanzere langoti lobodo pantchafu, mwendo nawo ndimachita kuukoka. Bipi 158/96.

Lachiwiri, 11 Januwale

Ndilembe momwe zinakhalira ndisanazisokoneze. Ndagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi kwa madamu ndi bwana, anthu a ku Lebanon, pafulati yawo ku JLT, dera lina la mu Dubai, nsanjika ya 31. Ndimalera mwana wawo wamkazi Yara, ndimaphika, ndimasita. Mu Disembala anati tonse tipite ku Georgia mwana akaone sinowo. Pa 21 tinakwera kabokosi kolendewera pachingwe mpaka pamwamba pa phiri, akuti mamita zikwi zitatu. Nditangotuluka m'kabokosimo chinthu chinandimenya m'mutu, mbali ya kumanja, khoo! Ndinakhala pansi, ndinasanza, Yara akulira. Ndinatsitsimuka ndili m'chipatala cha komweko, ndipo ndinagonamo masabata awiri ndi theka asanandibweretse kuno ku Dubai Loweruka lapitali.

Dokotala wa kuno, Mwiguputo wa magalasi, wandionetsa chithunzi cha mkati mwa mutu wanga. Pali kachigamba ngati dzira la nkhunda. Akuti mtsempha unaphulika, magazi anatayikira mu ubongo, koma analeka okha, n'chifukwa chake sanandiboole chigaza. Chochititsa akuti mwina ndi bipi, mwinanso kuzizira ndi kuchepa kwa mpweya pamwamba paja kunathandizira. Mwina, mwina. Ine wa ku Tsangano, wokulira kukwera mapiri ndi dengu la kachewere pamutu, lero phiri lindigwetse?

Mapiritsi a bipi ndinasiya kumwa mu Okutobala chifukwa ndinkadzimva bwino. Izi sindinamuuze.

Lachitatu, 12 Januwale

Tili awiri m'chipinda. Mnzanga ndi mayi wokalamba wa ku India, onse amamutcha Amachi. Ali ndi shuga ndi bala pachidendene limene lakana kupola. Chingerezi chake ndi gudu ndi no gudu basi, zotsalazo timalankhulana ndi manja. Mwana wake wamkazi amabweretsa mpunga wa tsabola woti munthu alire misozi, Amachi n'kumandikakamiza kulawa.

Alendo amalola mmodzi yekha, atayezetsa korona. Ifenso amatitokosa m'mphuno sabata iliyonse. Masana kunabwera wa fizo kudzandipinda zala. Chala chachikulu chokha ndicho chinayankha.

Lachinayi, 13 Januwale

Madamu waimba pavidiyo. Sangabwere, akuopa kutengera mwana korona. Wati ndisadandaule, malo anga akundidikira mpaka kumapeto kwa Febuluwale, bola dzanja lifike ponyamula Yara ndi kugwira simbi. Ndafunsa kuti nanga likapanda kufika. Wati inshallah lifika, n'kusintha nkhani.

Nkhani yonse yagona pamenepo. Viza yanga ili m'dzina lawo, kachipinda kanga kali m'nyumba mwawo, ana anga awiri ku Malawi amadya ndi dzanja lomweli. Malowo akapita, ine ndapita.

Amene akusunga malowo ndi Hildah. Ndi wa ku Chipata, timapemphera tchalitchi chimodzi ku Bur Dubai. Ntchito yake ya ku hotela inatha ndi korona, ankagona bedi lapamwamba m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu ku Al Muraqqabat, ndipo viza yake ya alendo ikutha pa 28 Febuluwale. Ndinamupezera ndine kuti azisamala nyumba ndi mphaka ife tili ku mapiri, azigona m'kachipinda kanga. Zinali za masabata awiri. Lero ndi sabata yachinayi.

Lachisanu, 14 Januwale

Anandikankha pa njinga ya odwala kukaona chimene akufuna kundilowetsamo. Ndi thanki yachitsulo yoyera, kukula ngati minibasi, mipando isanu ndi umodzi mkati, timawindo tozungulira. Dokotala akuti akatseka chitseko amapopera mpweya mpaka thupi limve ngati lili mamita khumi pansi pa madzi, kenako timavala masiki n'kumapuma okosijeni yekhayekha. Akuti akathinikizidwa chonchi amalowa wambiri m'magazi n'kukafika povulala paja, mwina n'kudzutsa mbali zimene zinangokomoka koma sizinafe. Maulendo makumi atatu, Lolemba mpaka Lachisanu. Wanena yekha kuti sakulonjeza, ena zimawathandiza ena ayi.

Amalume anga anapita ndi korona chaka chatha akudikira silinda imodzi ya okosijeni. Ine wantchito wa m'nyumba andipatse thanki yonse? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kaya akufuna kuyeserera makina awo pa ine, kaya bwana akuopa kuti ndikamusumira pondikweza phiri lija, sindikudziwa.

Ndasaina pepala la masamba asanu ndi limodzi. Maso amatopa msanga, ndawerenga tsamba loyamba lokha. Sisitala Rose wandiwerengera zoletsedwa: foni, wotchi, ndolo, zovala za nayiloni, perefyumu, vaselini, mafuta aliwonse pakhungu kapena m'mutu, ndi meshi. Akuti za moto. Moto wake uti m'chitsulo chotseka?

Lamulungu, 16 Januwale

Hildah wabwera atachoka ku tchalitchi. Wandiona, walira. Wakhala maola atatu kumasula meshi yanga pang'onopang'ono kuti mutu usapweteke, akundiuza za ku nyumba: mphaka anasanza pakapeti, bwana akugwirira ntchito patebulo lodyera, Yara amandifunsa. Wawerenga pepala lonse la thanki lija mpaka kumapeto, milomo ikuyenda. Wamaliza, wakokolola tsitsi lonse, lapulasitiki ndi langa lothothoka, waika m'jumbo n'kupita nalo.

Wanenepa pang'ono m'masaya. Chakudya cha kwa madamu chimakhala choncho.

Lolemba, 17 Januwale. Ulendo woyamba

Kusamba ndi sopo wawo, osadzola kanthu. Malaya a thonje a buluu. Bipi 149/90. Tinalowa 10 koloko, anthu asanu ndi mmodzi: ine, Amachi ndi chidendene chake, azibambo atatu, ndi mayi wina wa Chiarabu amene korona inamusiyira kuiwala. Sisitala Rose amalowa nafe.

Chitseko chitatsekedwa kunayamba phokoso la mpweya, kutentha, makutu ngati wina akulowetsamo zala. Anatiphunzitsa kutsina mphuno n'kumeza malovu. Kenako masiki: mphindi makumi awiri kupuma, zisanu kuvula, kuvalanso. Zonse pamodzi maola awiri. Potuluka kunazizira. Ndinaimba nyimbo ya m'buku chamumtima kuyambira polowa mpaka potuluka, ndipo mantha ndinali nawo, sindibisa.

Lachitatu, 19 Januwale. Wachitatu

Kutopa. Khutu lamanzere likuwawa, andipatsa mankhwala odontheza m'mphuno. Ndatuwa mbuu ngati ndagona m'phulusa. Vaselini amalola madzulo okha, m'mawa uchotse yense.

Lachisanu, 21 Januwale. Wachisanu

Zala ziwiri zagwedezeka. Wa fizo anaomba m'manja. Ine ndati tione kaye.

Lamulungu, 23 Januwale

Hildah sanabwere, akuti madamu ali ndi alendo.

Achemwali anga a Emeldah aimba kuchokera ku Lilongwe. Anapita kwa mneneri wina wa kufupi ndi kwawo ndi chithunzi changa. Akuti munthu wa Mulungu anangochiyang'ana n'kunena kuti amenewa si matenda a chipatala, mwana uyu anamenyedwa hamala. Aliyense kwathu amadziwa kuti munthu wabwinobwino akagwa mwadzidzidzi n'kufa ziwalo mbali imodzi, pali amene wamutumizira hamala. Ine ndinaimva ndekha ikundimenya paphiri paja.

Ndafunsa kuti wanena kuti ndani. Achemwali anatsitsa mawu.

"Akuti usayang'ane kutali. Ndi amene akugona pabedi pako."

Ndinawauza kuti asiye zimenezo, Hildah ndi mlongo wa ku tchalitchi. Koma foni itadulidwa ndinayamba kuwerenga masiku. Iye analowa m'kachipinda kanga pa 18 Disembala. Ine ndinagwa pa 21.

Lachiwiri, 25 Januwale. Wachisanu ndi chiwiri

M'thanki muja mulibe chochita koma kuganiza. Tsitsi langa Hildah anapita nalo kuti? Mabini ali pakhomo pomwepa, awiri. Munthu anyamule tsitsi la mnzake kukwera nalo sitima ya Metro mpaka JLT?

Ndamulembera pa watsapu kumufunsa. Wayankha kuti analitaya m'bini ya panja chifukwa ya m'chipinda inali yolembedwa kuti ndi ya zinyalala za mankhwala. Wayankha msanga kwambiri, ngati yankho anali atalikonza kale.

Lachinayi, 27 Januwale. Wachisanu ndi chinayi

Madamu waimba pavidiyo kuti Yara andione. Mwana wangoti hayi n'kuthawira kwa Hildah, kukabisa nkhope m'siketi mwake. Mwana amene ndinamulandira ali ndi masiku anayi. Hildah anali atavala epuloni yanga yamaluwa achikasu, ndipo anamukankha mwanayo kuti abwerere ku foni, akumuuza kuti lankhula ndi anti ako. Anachita bwino kwambiri, ngati wa sewero.

Zandipweteka. Bipi madzulo 162/98, awonjezera theka la piritsi.

Lamulungu, 30 Januwale

Hildah wabwera ndi futali, mbatata anakaisaka ku Deira, nsinjiro anasinja yekha. Fungo lake linandifikitsa kwathu, malovu anadzaza m'kamwa. Ndinati ndakhuta, ndidya kenako. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Wandiuza kuti Nason, mlonda wa kwathu uja amagwira ku Deira, akubwera kuchokera ku tchuthi Lachitatu, ndipo achemwali amupatsira kaphukusi kanga.

Atapita ndinapatsa futaliyo Amachi. Mulungu andikhululukire, ndinkafuna ndione. Anadya yonse, kunyambita supuni, gudu gudu.

Lolemba, 31 Januwale. Wa 11

Shuga wa Amachi wafika 17 m'mawa uno. Anamubaya jakisoni, anatsala pang'ono kumuletsa kulowa m'thanki. Sisitala Rose wandikalipira kuti munthu wa shuga sapatsidwa mbatata mbale yonse. Mwina ndi mbatata. Mwinanso ayi. Ndikanadya ine chikanakwera n'chiyani?

Lachitatu, 2 Febuluwale. Wa 13

Ndayenda ndi ndodo kuchokera pabedi mpaka pakhomo la chimbudzi. Dzanja limakwera mpaka pachifuwa koma siligwira kanthu. Wa fizo anandipatsa mpira wofewa, unagwa kasanu. Yara amalemera makilo 17. Atsala masabata atatu ndi theka.

Achemwali akuti m'kaphukusi muja muli mafuta odzozera amene mneneri anawapempherera masiku atatu. Ndizidzola pomwe panamenyedwa hamala. Nason wasiya kaphukusiko kwa Hildah chifukwa iye sangapeze nthawi yoyezetsa korona.

Lamulungu, 6 Febuluwale

Hildah wabwera ndi chitenje ndi chiponde zimene zinali m'kaphukusi. Botolo la mafuta ayi. Ndamufunsa mwaulemu.

"Ba sisi, mafuta aja sininabwere nayo," watero. "Pepala ija ninaiwerenga ine, imwe munasaina chabe. Mukatsiriza thanki nizakupatsani, muzasambe nayo olo thupi yonse."

Ndamuuza kuti ndizidzola madzulo okha ngati vaselini. Wati amandidziwa, ndikagwira chinthu sindimva za munthu, ndipo achemwali anamuuza okha pafoni kuti mneneri akufuna ndizidzola polowa. Ndiye amalankhulana ndi achemwali anga kumbali? Ndamufunsa kuti akuopa chiyani m'botolomo. Anayamba kupinda matawulo anga ngati wamva za wina. Ndamuuza kuti ndatopa, azipita.

Ndawaimbira achemwali. Akuti waona? Mfiti siingagwirizane ndi mafuta a Mulungu. Koma munthu wa Mulungu wati mtunda si kanthu, mafuta aliwonse a olivi angathe, iye apempherera pafoni. Pachakudya cha masana amatiikira kapaketi ka mafuta a olivi kothira pa saladi. Ndasunga ka lero. Madzulo ano voisi ya mneneri yafika, mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinaika kapaketiko pamwamba pa foni mpaka pemphero litatha. Wati ndidzole ndikamalowa m'chitsulo chija, chifukwa nkhondo ili mmenemo.

Lolemba, 7 Febuluwale. Wa 16

Ndinasamba, Sisitala Rose anandiyang'ana, kenako ndinapempha kupita kuchimbudzi. Ndinadzola kumanja kwa mutu, kutikita kuti alowe m'tsitsi, n'kuvala kachipewa kawo ka thonje. Palibe anaona. Moto sunayake. Zonse zija n'zoopseza chabe.

Lachiwiri, 8 Febuluwale. Wa 17

Ndadzolanso, lero wochulukirapo. Masana kwa fizo ndagwira kapu ya pulasitiki ndi dzanja lamanzere, ndaifikitsa pakamwa, madzi osatayika. Ndalira. Amachi anagwedeza mutu, gudu gudu.

Masabata atatu a thanki kapu inkagwa. Masiku awiri a mafuta kapu yafika pakamwa. Wina andiuze chiyani?

Ndalephera kudzigwira, ndaika umboni pagulupu ya amayi a ku tchalitchi. Tilimo 43. Ndanena kuti adani anatsekereza mafuta koma Yehova watsegula njira ina, ndikulowa m'thanki mutu uli wodzozedwa ndipo dzanja ladzuka. Ma ameni akugwa ngati mvula. Hildah sanalembe ameni. Waimba kanayi, sindinayankhe.

Lachitatu, 9 Febuluwale

Sindinalowe.

Tinali pamzere pakhomo la thanki, onse asanu ndi mmodzi. Sisitala Rose anabwera ndi dokotala, anandivula chipewa pamaso pa anthu, anapukuta m'mutu mwanga ndi kapepala koyera. Kanatuluka konyezimira. Anthu onse anabwezedwa kukakhala pansi, mpando wanga ndi masiki yanga zinatulutsidwa kukatsukidwa, ulendo unachedwa ola lathunthu. Bambo wina wa ku Pakistan anandilankhula mawu m'chiyankhulo chake, sindinafune womasulira.

Dokotala ananditengera mu ofesi. Sanakweze mawu. Anati m'mene mpweya uli wothinikizidwa ndipo okosijeni akutuluka m'mbali mwa masiki, mafuta safuna machesi, kamoto kakang'ono kothetheka pansalu n'kokwanira. Ndipo chitseko chija sichitseguka mpaka mpweya utaphwetsedwa, ngakhale anthu akuwe bwanji. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti tikanapsa anthu asanu ndi awiri. Ndinati masiku awiri sitinapse. Anavula magalasi n'kutikita maso. Wandiimitsa mpaka akambirane ngati ndipitirize.

Ndinafunsa Sisitala Rose kuti anadziwa bwanji. Anati mnzako anaimba 7 koloko m'mawa, akulira, ndipo ukamuthokoze.

Kumuthokoza! Dzanja langoyamba kudzuka, masiku akutha, iye n'kundichotsa m'thanki ndi m'mafuta momwe tsiku limodzi. Ndinabwerera pabedi, ndinatenga foni, ndinatsegula gulupu ya amayi. Ndinanena zonse: za masiku atatu a mu Disembala, za tsitsi la m'jumbo, za futali, za epuloni, za botolo. Ndinamaliza chonchi:

"Hildah, ndiwe mfiti. Unandimenya hamala kuti utenge malo anga. Amayi nonse mumve, ndipo amene ali ndi ntchito asamulowetse m'nyumba."

Mphindi zinayi ndi theka. Pofika nthawi ya tiyi anali atamvera anthu 38.

Lachinayi, 10 Febuluwale

Thanki ayi. Fizo yekha. Bipi 166/100.

Mayi Prisca, atcheya athu a amayi, aimba kuti ndifufute voisi ija. Akuti nkhani ya ufiti siitchulidwa pagulu, ndipo yafika kale ku magulupu a anthu a ku Zambia. Ndafufuta chifukwa cha ulemu wawo, osati kuti ndasintha maganizo. Hildah watuluka pagulupu. Sanandiyankhe ngakhale liwu limodzi. Munthu wosalakwa sakanadziteteza?

Lachisanu, 11 Febuluwale

Amachi sakundiyang'ana kuyambira Lachitatu. Lero mwana wake atabwera, analankhula nthawi yaitali akuloza mutu wake. Mwanayo anamasulira monyinyirika. Akuti mayi ake akhala akudzola mafuta a kokonati m'tsitsi tsiku lililonse kuyambira ali kamtsikana, ngakhale tsiku limene anaika amuna awo m'manda, ndipo anasiya mwezi wathawu chifukwa cha anthu amene amakhala nawo m'thanki, kuphatikizapo ine. Amachi anamasula tsitsi lake loyera kuti ndilione. Lauma, likuthothoka.

Mpunga wa tsabola lero sanandipatse. Ndinachita manyazi, kunena zoona. Pa Amachi pokha ndinalakwa.

Lamulungu, 13 Febuluwale

Palibe wabwera. Ndakhala ndikuyang'ana kuchitseko ngati chitsiru, pomwe ndikudziwa.

Ndawafunsa achemwali ngati anamuuza mneneri za Hildah asananene za bedi zija. Akuti ee, anayamba amufotokozera zonse kuti apemphere molunjika, nanga dokotala sumamuuza pomwe pakupweteka? Akuti ndisayambe kukayika, kukayika ndi khomo la mdani.

Kapu ndikuigwirabe, ndipo mafuta sindinadzole kuyambira Lachitatu. Mwina aja a masiku awiri akugwirabe ntchito. Wa fizo akuti zala zinayamba kale kudzuka mu Januwale, zili m'faelo.

Lolemba, 14 Febuluwale. Wa 18

Andilola kubwerera. Ndasainanso pepala, ulendo uno Sisitala Rose wandiwerengera masamba onse, ine ndikubwereza ngati katekisimu. Amandisambitsa m'mutu yekha, kundiperekeza mpaka pampando, kuchimbudzi amaima pakhomo. Saladi imabwera youma. M'thanki andikhazika pafupi ndi chitseko, ndipo phokoso la mpweya litayamba ndinayang'ana chitsekocho, kukhuthala kwake, n'kukumbuka zimene ananena dokotala.

Lachinayi, 17 Febuluwale. Wa 21

Ndamanga mabatani atatu. Ndanyamula botolo la malita awiri kuchoka pansi kufika patebulo. Ndayenda khonde lonse popanda ndodo, mwendo ukukokeka pang'ono chabe. Sikani yatsopano ikuonetsa kuti kachigamba kaja kachepa. Bipi 134/84, mapiritsi ndikumwa onse tsopano.

Ndatumiza vidiyo ya botolo kwa madamu. Wayankha kuti abwera Lamulungu, ali ndi mawu. Madamu amene wakhala masabata asanu ndi limodzi akuopa korona, lero abwere yekha? Kaya Hildah wamuuza chiyani. Ndakonzeka, ndidzamuuza zanga nanenso.

Lamulungu, 20 Febuluwale

Madamu wabwera 3 koloko, masiki awiri kumaso, atanyamula maluwa. Wakhala pampando kutali ndi bedi. Wayamba ndi zoti thanki ndimaliza maulendo onse, bwana wanena, ndipo tikiti ya kwathu adzagula okha, masutikesi anga ali kale m'chipinda chosungiramo katundu cha pansi. Ndinamva masutikesi okhawo. Ndinati madamu, mwezi sunathe, munati mpaka kumapeto, taonani dzanja. Ndinalikweza, ndinatambasula zala zonse zisanu.

Za mafuta anazimva kwa dokotala, koma wati si chifukwa chake. Kenako wanena izi, ndipo ndikulemba momwe wanenera:

"Habibti, wokondedwa wanga, ndikuuze zoona. Ine ndinkafuna kulemba Hildah kuyambira mu Januwale, sindinkakhulupirira kuti uchira. Ndinamufunsa katatu. Katatu konse anakana, akuti malowa ndi a Mtisunge, iye akungosunga. Ulendo wachitatu ndinati ndipita kwa ejenti kukatenga wina, anandigwadira kuti ndikudikire mpaka pa 28, pomwe viza yake yomwe ikutha tsiku lomwelo. Ndiye Lachinayi lija, pa 10, wabwera yekha kukhitchini, maso ali otupa, akuti ngati ntchito ija ilipobe wavomera. Tinapita kukasaina tsiku lomwelo. Chimene chinasintha sindikuchidziwa, iye sanena."

Ine ndikuchidziwa. Zonse zimene ndinakonza zoti ndimuuze zinatha ntchito.

Potsanzika wandigwira dzanja lamanzere, ine ndafinya lake osazindikira. Wadabwa, wati mashallah, lachiradi. Ndati inde madamu, lachira.

Atapita mtima wina unayamba kundinong'oneza kuti Hildah ankangodikira kuti ndimupatse chifukwa, kukana kuja kunali kuchenjera. Ndaufunsa mtimawo kuti munthu wochenjera amagwadira malo a mnzake viza yake ikutha? Sunandiyankhe, koma sunachokenso.

Pa watsapu uthenga wanga sukumufika Hildah. Ndaimba foni ya m'nyumba, nambala imene ndakhala ndikuiyankha ine zaka zisanu ndi chimodzi. Yalira katatu, wayankha iye. Kumbuyo ndimamva Yara akuimba ndi madzi akuthira m'bafa, inali nthawi yomusambitsa. Ndati Hildah, ndine. Ndati ndamva zonse kwa madamu.

"Ba sisi," watero, "nili pa nchito manje."

Wadula. Atsala maulendo asanu ndi atatu.